Giya ya a Yoweli

Ku Mlolo, kumene madzi ambiri amaoneka dzinja lokha, kunali munthu mmodzi wa injini ya boti: a Yoweli. Anabwera nayo pochokera ku Kariba, zaka zija ankamanga damu. Anzawo anabwerako ndi njinga ndi mabulangete, iwo anasenza chimene mzungu anataya.

"Nanga botilo lili kuti?" anafunsa akazi awo, a Lonia.

"Boti ndi nkhani yaing'ono, mayi. Mtengo uliwonse ndi boti."

Kulira injiniyo inkalira. Vuto linali kachitsulo kakatali kochokera pachogwirira kutsikira kumagiya. Dzimbiri linakadya mpaka kanauma gwa. Akailiza mumgolo wa madzi inkangobangula, mapiko ake opalasa madzi ali phee.

Kuyambira pamenepo a Yoweli sanaudziwenso mpando. Podya, dzanja m'mbale, maso pa injini. Anathira palafini, anathira mafuta a nsatsi, anafinyira mandimu a mtengo wonse. Kachitsulo kanakana. Sabata ina abusa ali mkati molalikira za Yona, a Yoweli anadzambatuka n'kufuula, "Makala! Ndikatenthe ndi makala!" Anatuluka liwiro, chipewa n'kuchiiwala pabenchi.

Anakatentha, anakagogoda, kachitsulo kaja thyo!

"Kathyoka," anatero a Lonia. "Tsopano tengani khasu."

"Kathyoka chifukwa kayamba kumva. Kale sikankamva."

M'mawa mwake anabwereka njinga ya mnzawo a Filimoni, ati akufuna kufika ku Zingalume. Inabwerera gudumu lake likuvina, masipoko ataguluka.

"Achimwene, masipoko anga ali kuti?"

"Akwezedwa pantchito, a Filimoni. Tsopano ndi a m'madzi."

Anawapota pamodzi, anapinda nsonga ngati mbedza, n'kulowetsa m'malo mwa kachitsulo kaja. Atakankha chogwirira kunamveka khetye! Giya inalowa, mgolo unawira, madzi anawanyowetsa mpaka m'makutu. Kutuluka kokha giyayo inakana, koma a Yoweli anati zimenezo ndi za mawa. Anathamangira kukasema bwato, kumbuyo kwake n'kukhomerako thabwa lomangirapo injini.

Dzinja limenelo mtsinje wa kuseri kwa mudzi unasefukira. Mariam, mwana wa a Filimoni, anali ndi pakati, ndipo matenda atayamba azamba anagwira njakata. Chipatala chinali kutsidya, kuboma. Amuna anaima pagombe akungoyang'ana madzi ofiira akukokolola mitengo.

"Mukwezeni mwanayo," anatero a Yoweli.

Anakwera Mariam, anakwera a Lonia kuti amugwirire. A Yoweli anakoka chingwe, injini inabangula, bwato linabwerera m'mbuyo n'kukaguguda gombe lomwelo.

"Kalanga ine! Mwalowetsa livesi!" anakuwa a Filimoni.

"Tembenuzani bwato! Kumbuyo kukhale kutsogolo!" anatero a Yoweli.

Anawoloka chammbuyo choncho. Madzi ankakhuthukira pathabwa paja, a Lonia akukapa ndi chipande uku akulalata. "Anthu akwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi dzimbiri!" Mariam ankabuula, kenaka n'kuseka, kenaka n'kubuulanso. A Yoweli anagwiritsa chogwirira, maso ali kutsidya. Kutsidya anthu anamunyamula Mariam pamachira. Anabadwa mwana wamkazi. Ku tchalitchi anamulemba Selina, koma mudzi wonse unkamuitana Livesi.

Giya yakutsogolo a Yoweli anaifunafuna mpaka chifuwa chinawagoneka. Ali pamphasa ankapemphabe kuti awabweretsere injiniyo pafupi, ati aganiza nzeru ina.

Pa maliro awo, onyamula bokosi anaterereka pachitunda n'kubwerera m'mbuyo pang'ono. A Filimoni anati, "Asiyeni, ndiwo mayendedwe awo." Anthu anaseka, kuseka kuja n'kusanduka kulira.

Masiku ano kanjira kodutsa pakhomo pawo kamera udzu, poti palibenso wopatuka kudzafunsa ngati giya yakutsogolo yalowa. Madzulo mudzi umangoti zii. A Lonia akakhala pakhonde amauza aliyense wowapatsa moni: "Ndinkawapempha tsiku lililonse kuti akhale pansi. Koma sindinkanena kukhala kumeneku."