Mabuleki a Njinga ya Bambo

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba ngakhale pamaliro, ndiye bola manyazi angawa ndiulule ndekha.

Ndili ndi njinga imene anandisiyira malemu bambo. Ndiyo imanyamula mbatatesi yanga kuchoka ku Kaphuka kupita kumsika. Itafa imeneyo, ana anga sukulu yathera pomwepo.

Kuparishi kwathu kunabwera mlendo wa ku Slovakia, a Yurayi, kudzathandiza kukonza mipope. Lachiwiri lina ataiona njingayo anaizungulira, n'kugwira pakamwa.

"Vetchý!" anatero.

Akatekisiti, amene ankatimasulira, anafunsa tanthauzo lake. Akuti ku Slovakia ndi ku Czech mawuwa amanena chinthu chokalamba, chothaitha, chongodikira kugwa. Akuti ndi mawu a makolo awo akalekale, pachibale ndi "veterani", msilikali wakale uja.

"Akuti abwera Loweruka kudzaona za njingayi," anamaliza akatekisiti.

Ine mtima dyokodyoko! Mzungu akamva chisoni, si njinga yanyuwani imeneyo? Koma ndinaopa kuti chisonicho chingaperewere. Lachisanu ndinamasula mabuleki, belu ndi pedulo imodzi, n'kuzibisa m'dengu kuseri kwa nkhokwe. Chishalo ndinachimanga ndi luzi.

"Bambo a Chisomo, mwapenga?" anafunsa mkazi wanga.

"Takhalani chete inu, iyi ndi pulani."

Loweruka a Yurayi anafikadi ndi akatekisiti. Ndinasuzumira kumbuyo kwawo, njinga yatsopano osaoneka. M'manja mwa a Yurayi munali bokosi la masipanala! Akuti bambo awo ankakonza zinthu zakale, ndiye iwo chokalamba sataya.

Anagwada pafumbi n'kuyamba kupapasa njinga ija. Kenaka anakwinya nkhope.

"Akufunsa kuti mabuleki anali apa Lachiwiri aja apita kuti?" anatero akatekisiti.

"Akuba, akatekisiti. Dziko laipa ili!"

Ndisanatseke pakamwa, mayi a Chisomo anatulukira, dengu lili pamutu. Analitula patsogolo pa alendo, n'kugwada mwaulemu wonse.

"Akuba aja abweza, bambo."

Akatekisiti anaseka mpaka kukhala pansi. Ine thukuta kamukamu, kuzizira konse kwa ku Dedza kuja! A Yurayi anangokokera dengu lija pafupi. Anabwezeretsa zonse, n'kuwonjezera tcheni chatsopano cha m'thumba mwawo. Lero njingayo imakwera chitunda ndi matumba awiri osalira, ndipo munthu ameneyu ndimamuthokoza kuchokera pansi pa mtima.

Koma abale anga, musanayambe kunamiza mlendo, yambani mwagwirizana ndi mayi a kunyumba.