Mwendo wa ba Tate

Mande

Mitambo yayamba kuda kumbali ya Luangwa. Mvula ili pafupi, ndipo ba tate akudwala mwendo. Sabata yachiwiri manje. Njinga yawo yangoima kuseri kwa nkhokwe, nkhuku zayamba kugonapo. Kudya akudya choimirira ngati munthu wothamangira basi. Dzulo ku tchalitchi agwada Misa yonse, anthu ati mudala walapa.

Vuto langa nali: ba tate akapanda kuchira, wogwira pulawo ndine. Ine! Munda wonse uja, ng'ombe ziwiri zamwano, dzuwa lowotcha mpaka nsabwe. Ndinathawa sukulu mu giredi seveni kuti ndipume, osati ndikwatire munda. Ntchito ndili nayo kale: kuima pa madzi otentha pano pa Chinyunyu, kuonetsa apaulendo pomwe pakuwira, ndi kuwanamiza kuti pansi pake pali njoka yophika tiyi.

Ba mayi ati, "Aperekeze kwa ba Njobvu."

Kwa ba Njobvu! Mudala wopuma ntchito ya chipatala cha boma, amene anatsegula kakiliniki kake kuseri kwa chigayo. Chuma chake chonse:

- chipinda chimodzi ndi theka
- benchi imodzi, mwendo wina ndi njerwa
- setifiketi pakhoma, yofiira ndi fumbi
- mkazi wake: ndiye nesi, ndiye wolandira odwala, ndiye wothamangitsa mbuzi

Ndipo kucheza! Munthu wabwera ndi mutu, iye ayambe za chimanga, za ng'ombe, za apongozi ako. Mudala yemweyu anandimana kalata ya matenda mu giredi sikisi, ati, "Malungo ako amabwera tsiku la masamu chabe?" Sindinaiwale.

Pulani yanga: Lusaka. Chipatala chachikulu, nyumba zosanjikana, makina, madokota ochuluka kuposa mbuzi za m'mudzi muno. Masiku awiri ba tate achira, abwerera ku pulawo yawo, ine ndaonako tauni. Ndalankhula mpaka ba mayi atopa, agulitsa kambuzi. Ba tate angoyang'ana kuchigayo.

Lachiwiri

Minibasi. Ba tate akhalira mbali imodzi, atsamira mayi wina wa tomato ulendo wonse. Kondakita ati, "Ba mudala, khalani bwino, mwalipira mpando wonse!" Pa bampu iliyonse ba tate akutchula woyera mtima wina. Pofika Chongwe oyera mtima atha, ayambiranso.

Koma chipatala! Mayo! Geti yokha ikuposa kakiliniki ka ba Njobvu pamodzi ndi chigayo. Muli chikepe chokweza anthu m'mwamba. Ndakwera katatu, ba tate ndawasiya pa mzere.

Mzere kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu. Tafika pawindo. Mayi wa pawindo sakweza ngakhale maso. "Kalata ili kuti?" Kalata yanji? "Ya kukiliniki. Kuno sitiona munthu wobwera chabe. Wotsatira!"

Ndiye kuti tachoka ku Chinyunyu kuthawa kakiliniki, tafika ku Lusaka atitumiza ku kakiliniki. Bwino maningi.

Tikugona kwa ba anti, mlongo wa ba tate, ku komboni. Awapatsa sofa yatsopano, ikadali m'pulasitiki. Ba tate akana, aima pakhomo. Ba anti akwiya, ati, "Achimwene, mpando wanga uli ndi minga?"

Lachitatu

Kalata tapeza pa kakiliniki ka ku komboni. Nesi afunsa vuto, ine ndayankha msanga m'Chizungu changa cha giredi seveni kuti mwendo. Ba tate anong'ona, "Pamwamba pang'ono." Ndamasulira: bondo. Popanda ine mudalayu akanasochera.

Tabwerera ku chachikulu. Lero taona mawindo awa:

- la khadi
- la fayilo
- lotiuza kuti khadi talemba molakwa
- la khadi kachiwiri
- lotseka, ati apita ku tiyi

Ba tate manje alibe dzina. Ndi nambala. Aitana nambala katatu, iwo ali phee, akudikira kumva "ba Banda".

Dokota ndi mtsikana, wamng'ono kuposa mlongo wanga. Kumbuyo kwake kwaima ophunzira udokota asanu ndi mabuku m'manja. Ba tate avula chipewa, ayamba, "Muli bwanji amayi, kaya kunyumba..." Iye walemba kale theka la pepala. Ati, "Tsitsani buluku tione."

Ba tate ayang'ana dokota. Ayang'ana ophunzira. Ayang'ana ine, nthawi yaitali. Kenako apinda buluku kuchokera pansi mpaka pa bondo, ati, "Ndi apa."

Dokota agogoda bondo ngati chivwende. Ati mawa ekisire. Ekisire! Ba Njobvu anaionapo ekisire? Tochi yake yomwe amachita kuimenya kuti iyake.

Lachinayi

Makina ndawaona ndi maso anga. Aakulu ngati thirakita, oyera, akulira okha. Awauza ba tate kuti agone chagada pa tebulo lachitsulo. Ine andituluzira panja, koma "Mayo ine!" wawo wamveka mpaka ku geti. Ndauza anthu pa benchi kuti ndi mphamvu ya magetsi, ikukoka matenda.

Fayilo yasowa. Yapezeka ku wodi ya amayi oyembekezera. Osandifunsa.

Dokota wa lero ndi wina, wandevu, sanatione chibadwire. Ayamba pachiyambi: dzina, zaka, vuto. Ndayambanso Chizungu changa. Akweza chithunzi pa nyale, ati, "Bondo ili ndi labwino kuposa langa." Mapanado. Tibwere mwezi wamawa tikaone dokota wa mafupa.

Mwezi wamawa! Mwezi wamawa chimanga cha anthu chidzakhala m'mawondo, ine ndili kumbuyo kwa ng'ombe!

Ndayesa kudandaula, andionetsa windo la madandaulo. Pali mzere.

Masana ba mayi aimba foni. Ati ku Shikabeta mvula yagwa kale, ba neba amanga ng'ombe. Ba tate aima pa dzuwa pa sitesheni ya basi, avala jekete, akunjenjemera. Ndawagwira dzanja, likutentha ngati madzi a kwathu aja. Milomo yauma. Ati, "Mwana wanga, ndipereke kwathu."

Sindinapeze nthabwala. Chikepe lero sindinakwere.

Lachisanu

Ulendo wobwerera ba tate agwada pansi m'basi, mutu pa thumba la kabichi. Kondakita ati, "Tipempherereniko na ife, ba mudala."

Tatsika pachigayo. Ba tate sanandifunse, alunjika kwa ba Njobvu, akuyenda motangadza ngati bakha. Mudala ali pakhonde, akuwayang'ana kuyambira kumsewu. Sanawapatse benchi. Waimirira iye.

Ndiye kwayamba. Moni. Kunyumba. Mbewu mwagula iti chaka chino. Ng'ombe yakuda ija inasiya kutsimphina? Munthu akupsa ndi malungo, iwo ali pa ng'ombe! Ndawasomekera chithunzi cha ekisire pamphuno kuti aone zenizeni. Achikweza pa dzuwa, ati, "Bondo lokongola. Mukalipachike pakhoma."

Kenako kwa ba tate, motsitsa mawu: "Njinga mwaisiya masabata awiri. Ku Misa ndinakuonani." Ba tate ayang'ana pansi.

Kenako kwa ine: "Iwe, choka. Pita kuchigayo, usabwere mpaka ndikuitane." Ndati ndine womasulira. Ati, "Chinyanja ndimamva." Mkazi wake wawiritsa zitsulo, waziika pa tebulo, nayenso watuluka, watseka chitseko.

Chigayo chikulira, koma kukuwa kwa ba tate kwachiposa. Kamodzi chabe. Kenako zii.

Ba mayi afika ndi chitenje m'manja, akhala pafupi nane pa thumba la gaga. Ndafunsa kuti mwendo auchita chiyani. Ati, "Mwendo wanji? Ndi chithupsa. Pokhalira."

Pokhalira! Chachikulu ngati mango, ati. Masabata awiri!

Ndawafotokozera za ku Lusaka, ndati nanga ba tate osanena bwanji? Ba mayi ati, "Anene pamaso pa iwe? Pamaso pa kamtsikana ndi anzake asanu? Bambo amavula pamaso pa mwana wake?" Ndati nanga inu osandiuza? Ati, "Ine ndikhale pansi ndikuuze za matako a atate ako? Ndinati kwa ba Njobvu. Iwe unati Lusaka."

Ba Njobvu atuluka akupukuta manja. Ati masiku ena atatu mafinya akanalowa m'magazi, tikanakamba zina. Sanandiyang'ane ponena. Kukanakhala bwino akanandiyang'ana.

Kambuzi kathu kanafera chithunzi cha bondo.

Loweruka

Ba tate agona chafufumimba, thupi lazizira, adya mbale ziwiri za phala. Mmawa ba Njobvu abwera okha pa njinga kudzasintha bandeji. Dokota wanji woyenda m'makomo ngati wogulitsa kapenta? Palibe khadi, palibe windo, palibe nambala. Angoti "Odi!" galu wathu mpaka kugwedeza mchira. Ulemu wa udokota uli kuti?

Ndafunsa mwaulemu kuti ba tate agwira liti pulawo. Ati, "Masabata atatu, osayandikira munda." Ba mayi ati, "Nanga alime ndani?" Ba Njobvu angondiloza ndi chibwano.

Masana mvula yagwa. Yeniyeni, ya fungo la dothi. Mudzi wonse ukusekerera ngati wapenga.

Pulani yachiwiri: msana. Ndapita kuseri kwa chigayo nditapindika, dzanja m'chiuno, ndikubuula bwino-bwino. Ndakhala pa benchi ya njerwa. Mkazi wa ba Njobvu andiyang'ana, aseka, apitiriza kusesa.

Ba Njobvu ati, "Wayamba liti?" Ndati dzulo. Ati, "Dzulo ndinakuona ukudumpha ngalande ya pachigayo ndi miyendo iwiri." Andigwira msana apa ndi apa, andiuza ndiwerame, ndiweramuke. Ati, "Masamu abweranso?"

Ichi ndiye choipa cha tizipatala ta munthu mmodzi. Ku chachikulu akanandipatsa khadi, fayilo, ekisire, ndi tsiku la mwezi wamawa. Ndikanabwera ndi pepala la chidindo, nyengo yolima n'kudutsa ine ndili wodwala wa boma. Kuno munthu akudziwa iwe, atate ako, ng'ombe yako, ndi ngalande imene unadumpha. Anandiona ndisanamere mano. Unganamize bwanji munthu wotere?

Mankhwala amene wandipatsa: ndigone msanga.

Sondo

Ba tate akhala pansi ku tchalitchi. Theka chabe, pa pilo wa ba mayi, koma akhala. Anthu ati kulapa kwatha.

Chithunzi cha bondo ba mayi achipachikadi pakhoma, pafupi ndi kalendala. Alendo akubwera kudzachiona. Ba neba ati, "Koma Lusaka ndi Lusaka, mpaka fupa kuoneka!" Ba tate angoti, "Ee, anayesetsa." Mudzi wonse ukudziwa kuti unali mwendo, ndipo udzakhala mwendo mpaka tonse tidzafe.

Tambala wathu wamkulu wapita kwa ba Njobvu. Ine ndalandira izi, ba tate andiyalira okha pakhonde:

- goli
- tcheni
- chikwapu
- nsapato zawo za jombo, zazikulu, ati ndiikemo nsanza

Mawa ndili kumunda tambala akalira. Wa ba neba, poti wathu kulibe. Apaulendo a pa madzi otentha adzinamize okha.

Madzulo ba Njobvu adutsa pa njinga, aima pa mpanda, afunsa za odwala. Pochoka andiyang'ana m'manja, ati, "Matuza akatuluka ubwere. Kalata sindifuna."

Ndipita, nanga ndipite kuti. Ndikudziwa kale, ayamba ndi kundifunsa za chimanga. Chondiwawa n'chakuti ulendo uno ndikhala ndi yankho.