Kamtengo Kosabala Zipatso

Lolemba
Timaluwa tosamasula: 14. Ndawerenga kawiri. Papita zaka zitatu chibzalire kamtengo aka, kamene ndinapempha kwa bwana wa pa sitesheni ya Nkaya, ndipo aka nkoyamba kuonetsa maluwa. Kamachita maluwa nthawi yotentha yokha, mvula isanagwe. Ndikaphonya sabata ino, mpaka chaka chamawa.
Zochita: ndowa ziwiri m'mawa, imodzi madzulo. Kutchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi.

Lachiwiri
14. Mbuzi sizinalowe. Che Saidi, oyandikana nawo nyumba, aima pampanda nthawi yaitali. Akufunsa ngati kamabala zipatso. Iyayi. Masamba ake ndi ndiwo? Iyayi. Ndikuwauza kuti nkongoyang'ana basi. "Munthu wamkulu sathirira mtengo wongoyang'ana," akutero, diso limodzi atatsinzina. Sindinamvetse.

Lachitatu
11! Timaluwa titatu tathotholedwa pamodzi ndi masamba ena, bwinobwino, ndi zala. Mbuzi ilibe zala. Mayi akunyumba akuti kuchitsime kwamveka kuti ndili ndi mtengo wa mankhwala. Umboni wake: minga, ndowa zitatu patsiku, ndiponso ulibe dzina. Dzina ulinalo. Ndinalilemba papepala, chiswe chinadya.
Ndawonjezera minga.

Lachinayi
Kuwonjezera minga kunali kulakwa. Anthu akuti tsopano atsimikiza. Amene abwera lero: wa mutu, wa msana, wa mlandu wa munda ku Balaka, ndi mayi wina wotsika sitima amene sananene vuto lake. Ndawakaniza onse mwaulemu. Akuti sing'anga weniweni amayamba wakana.
8. Khungwa lasendedwa mbali imodzi pamene ndinali kuchitsime.

Lachisanu
Kwabwera a wapampando wa chipani m'dera lino. Ndathamangira khadi langa la chipani. Akuti lero si za khadi. Akufuna muzu umodzi wa mbali ya kum'mawa, pakuti pali wina akusirira mpando wawo. Ndikufotokoza kuti ndi maluwa chabe. "Ndiye mukundikaniza, achimwene?"
Ndakumba ndekha, kuti ndisavulaze mizu inayo.
4.

Loweruka
Kamtengo kapendekeka. Ndakachirikiza ndi nsungwi. Wa msana uja akuti wachira ndipo akulengeza pamsika. Wandibweretsera nkhuku. Nkhukuyo yadya kaduwa kamodzi kamene kanali m'munsi. Tina tiwiri tafota.
Ndakhala pampando pafupi ndi kamtengo tsiku lonse, osadya. Katsala 1, ndipo kunsonga kwake kwayamba kutseguka. Mawa!

Lamulungu
0.
Ndisanatuluke m'nyumba, mayi akunyumba andipatsa tiyi wowawirira. Ndamwa yense. Kenako akuti sabata yonseyi ndakhala ngati wodwala, ndipo sizingatheke kuti mudzi wonse uchire mwini mtengo akuonda.
Ndafunsa ngati duwalo linali litamasula. Akuti linamasula, lalikulu ndithu. Mtundu wake sanauyang'anitsitse, madzi anali atawira kale.
M'kapu mwatsalira kanthu kofiirira. Ndayang'ana kameneko.