Mazira a mayi a Lusungu ndi kabolodi kanga kotembenuka

Mpaka lero, ndikalowa mu ofesi ya kusukulu kwathu, Mayi Nalungwe amayamba aika dzanja pamwamba pa pulinta, moni wanga amayankha pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Koma popeza nkhaniyi yakhala ikuyenda pakamwa pa anthu ena, aliyense akuthirako mchere wake, lero ndiifotokoza ndekha, ndipo mugwire mfundo imodzi kuyambira pano: chinthucho pamapeto pake chinagwira ntchito.

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandiponya kuno ku Chitipa, pasukulu ina ya kufupi ndi Lufita, ndipo kuno ndi kumene ndinapeza mkazi, mayi a Lusungu. Chaka chatha iwo anaganiza zoweta nkhuku za mikolongwe. Atatchula zogula makina oswetsera mazira, ine ndinadziguguda pachifuwa kuti nyumba ya munthu wa sayansi sigula zotero. Bokosi ndinakhoma, mababu awiri a galimoto ndinaikamo, batire la sola linalipo kale. Chinatsala ndi ubongo wake, kachipangizo koyatsa mababu m'bokosi mukazizira n'kuwazimitsa mukatentha. Ndinali nditakalumikiza kale patebulo, koma mawaya ake anali ngati chisa cha mpheta, moti munthu akangoyetsemula pafupi, waya umodzi unkachoka n'kuzima zonse.

Panafunika kabolodi kenikeni, konga kamene mumaona mukatsegula wailesi, kokhala ndi timisewu ta kopa m'malo mwa mawaya. Kapangidwe kake pakamwa n'kosavuta. Umatenga kabolodi kokutidwa ndi kopa, n'kukamata mankhwala omva kuwala otchedwa fotorezisiti. Pamwamba umasanjika pepala la pulasitiki loonekera limene wasindikizapo timisewu tako, n'kuika padzuwa. Ukatsuka, mankhwalawo amatsala pa timisewu pokha. Kenako umaviika m'madzi odya kopa, ndipo amadya paliponse pamene sipanaphimbike. (Ndinali ndisanapangepo, koma ndinali nditaonera pafoni kokwanira kuti ndizidzimva katswiri.)

"Itanitsani mazira," ndinawauza mayi a Lusungu. "Akamafika apeza makina akudikira."

Iwo anagulitsa mbuzi yawo, imene anailera okha kuyambira ili kamwana, ndipo Loweruka mlamu wanga anafika kuchokera ku Chisenga ndi mathireyi awiri, mazira makumi asanu ndi limodzi. Potsazika anati, "Alamu, asagone kupitirira sabata. Akachedwa chomene masiku khumi. Kupitirira apo, mbewu imafa." Anasuzumira m'bokosi muja n'kufunsa ngati makina ndi omwewo. Ndinamuuza kuti kwatsala zing'onozing'ono.

Zing'onozing'onozo zinafika Lolemba ndi Sichali, wamalonda wa pamsika amene amapikula katundu ku Tunduma. Ndinali nditamutumizira zithunzi za zofunika. Anayala pa benchi tibolodi tiwiri ta kopa, paketi ya mapepala a pulasitiki, ufa wopangira madzi odya kopa, kachitini kopopera, ndi mpukutu wa kachikopa ka buluu wokulungidwa m'jumbo yakuda.

"Mwalimu, mzigo wanu uwu. Mankhwala ali mitundu iwiri. Wa shopu wati lachitini ni pozitivu, labuluu ni negativu. Ine nkhumanya yayi, sankhani mwekha, linalo nkawezge."

Ankatanthauza kuti iye sakudziwa kusiyana kwake, ndisankhe ndekha, winayo akabweze. Pa benchi paja panali anthu, ena a iwo makolo a ana amene ndimawaphunzitsa. Munthu wanzeru akanafunsa kusiyana kwake, kapena akanapita kuseri n'kufufuza pafoni. Ine ndinanyamula mpukutu wa buluu uja, n'kuuyeza kulemera m'manja ngati ndikugula mtolo wa fodya, ndipo ndinanena mokweza kuti, "Zonsezi n'chimodzimodzi, Sichali. Kusiyana ndi maina basi." Ndinasankha wa buluu chifukwa unkaoneka waukadaulo. Zonse zimene ndinaonera pafoni zinali za kachitini kaja.

Lachiwiri, nthawi ya tiyi, ndinaona Mayi Nalungwe, mlembi wa sukulu, akutuluka mu ofesi ndi kapu yawo. Pulinta ya pasukulu ndi imodzi yokha, ndipo amaisamala kuposa mmene ena timasamalira ana. Ndinalowa mwakachetechete, n'kulowetsamo pepala langa la pulasitiki. Chimene sindinalabadire n'chakuti mapepala a Sichali anali a pulinta za inki yamadzi, pomwe yathuyi ndi ija yomata ufa wakuda ndi kutentha. Pepala linalowa bwinobwino. Silinatuluke. M'malo mwake munatuluka fungo lija la jumbo yoyatsira mbaula, ndipo kanyali kofiira kanayamba kuphethira.

"Asambizgi, mwachita vichi?" Anali Mayi Nalungwe, kufunsa kuti aphunzitsi mwachita chiyani, ataima pakhomo, tiyi ali m'manja.

"Ndi kavuto kakang'ono ka kutentha, mayi."

Anatsegula kumbuyo kwa pulinta. Pulasitiki inali itasungunuka n'kukulunga chogudubuza chonse. Mayeso a pakati pa teremu anayenera kusindikizidwa sabata yotsatira. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangokoka mpando, n'kundilozera, amvekere, "Khalani. Mudzanyamuka ikachira."

Masiku awiri athunthu, ndikangotuluka m'kalasi, ndinkakhala pampando uja kumatula pulasitiki ndi kamtengo, aphunzitsi anzanga akudutsa mmodzimmodzi kudzazonda matenda. Kunyumba, mayi a Lusungu ankatembenuza mazira awo m'mawa ndi madzulo, ndipo tsiku lililonse ankalemba kamzere ka khala pakhoma la kukhitchini. Timizere tokha tinkandilankhula.

Pulinta inachira, ndipo ndinene mosabisa kuti si aliyense akanaichiritsa. Lachisanu Mayi Nalungwe anatsegula kabati yawo n'kutulutsa bokosi lakale la mapepala a pulasitiki opirira kutentha, otsala nthawi imene sukulu inkagwiritsa ntchito makina oonetsera pakhoma. Anali momwemo zaka zonsezi, mikono iwiri kuchokera pamene ndinachimwira. "Safunsa anadya phula," anatero m'Chichewa chomveka bwino, kuti mwambi wa kwathu undipweteke mokwanira. Anasindikiza okha, ine manja ali kumbuyo. Anatulutsa mapepala awiri ofanana kuti ndiwasanjikize, kuda kwake kukhale kothithikana. Timisewu tinatuluka takuda bii pa pulasitiki yoyera, tokongola zedi.

Loweruka linali tsiku lachisanu ndi chitatu la mazira. Kachikopa ka buluu sikafuna kuwala kasanafike nthawi yake, ndiye masanasana ndinatseka mawindo a kuchipinda ndi mabulangete. (Mayi oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati m'nyumba muli wodwala.) Ndinamata kachikopa pa kabolodi ndi simbi ya makala yofunda pang'ono, n'kusanjikapo pulasitiki, n'kupanikiza ndi galasi la chithunzi chathu cha ukwati. Ndinatuluka nako padzuwa n'kuwerenga masekondi mokweza, pakati pa bwalo, ngati mwana wophunzira kuwerenga manambala. Kenako ndinakatsuka m'madzi a soda amene ndinayamba ndamukazinga m'poto kuti akhale waukali.

Chithunzi chinaoneka. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinaitana mayi a Lusungu kuti adzaone sayansi ndi maso. Anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiitana monga amaitanira kuno bambo a mwana.

"Awiske Lusungu, simunati buluu ndiye chovala choteteza kopa?"

"Eya."

"Nanga bwanji misewu yanu ndiyo yavula, kwinaku ndiko kwavala?"

Ndinaseka kaseko kaja ka mphunzitsi akafunsidwa funso ndi mwana wa Fomu 1. Ndinawauza kuti izi n'zovuta kuzifotokoza mwachidule, ndipo ndinaponya kabolodi m'madzi odya kopa amene ndinasungunula m'beseni lawo. Ndinagwedeza beseni modekha, ndikuimba kanyimbo. Patapita mphindi makumi awiri ndinavuula, n'kukweza padzuwa.

Kuwala kunkadutsa pa timisewu tonse. Paliponse pamene panayenera kukhala kopa panali pambalambanda, ndipo paliponse pamene panayenera kukhala popanda kanthu panali kopa wonyezimira. Ndinali nditapanga kabolodi kotembenuka, mwaukhondo, popanda ngakhale kamzere kamodzi kopindika. Apa m'pamene mawu a Sichali anandibwerera. Mankhwala a kachitini amachoka pamene dzuwa lawomba. Kachikopa ka buluu kamachita zosiyana, kamauma pamene dzuwa lawomba. Pulasitiki yanga inayenera kukhala yakuda ponse, timisewu tokha n'kukhala toyera. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ndikanamvera funso lija, ndikanangomatula kachikopa, kabolodi n'kupulumuka.

Mayi a Lusungu anayang'ana kabolodi, anayang'ana beseni lawo limene linali litasanduka lachikasu, n'kulowa kukhitchini. Ndinawapeza ataima pa mathireyi aja, misozi ili m'maso. "Mbuzi yanga," anatero, basi. Kunena zoona, pamenepo nthabwala zinandithera, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chiyambire kuphunzitsa.

Kabolodi kanatsala kamodzi. Pulinta inali yokiyidwa, ndipo makiyi anali ndi munthu amene ndinali nditamulonjeza kuti sindidzamuvutitsanso. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, mayi a Lusungu anamanga chitenje n'kundiuza kuti ndiwatsate. Tinawapeza Mayi Nalungwe pakhonde akusankha nyemba. Pambuyo pa "Monire amama" ndi "Yewo", azimayi awiriwa analowa m'Chilambya, chimene ine mpaka pano ndimangotolamo mawu amodziamodzi. Ndinkangomva "asambizgi", kenako kuseka, kenako "mazira", kenako kuseka kwina kogwira m'mimba. Ndinakhala pakampando kafupi, chipewa chili pabondo, ndikumwetulira nkhani ya ine mwini.

Pomaliza Mayi Nalungwe anapukuta misozi n'kunena kuti, "Tiyeni. Koma nkhuchitira mazira, imwe yayi."

Mu ofesi ndinatembenuza chithunzi pakompyuta, ndipo ndisanapemphe kuti asindikize ndinatembenukira kwa mayi a Lusungu n'kufunsa ngati tsopano zili bwino. Anayang'anitsitsa n'kugwedeza mutu kuvomera. Lolemba masana ndinabwereza zonse, mabulangete, simbi, galasi, dzuwa, soda. Ulendo uno timisewu tinavala buluu, kwina konse kunavula. Nditavuula m'beseni, abale anga, kabolodi kaja kanali kokongola moti ndinakayendetsa m'manja mpaka kunja kunayamba kuzizira. Timisewu towonda ngati ulusi, tosakhudzana, tosaduka, topangidwa pabwalo la nyumba ya lendi ku Lufita ndi simbi ya makala. Ndinaboola timabowo, n'kuwotcherera tizipangizo tonse. Lachiwiri lonse bokosi linagwira ntchito lopanda mazira, mababu akuyaka n'kuzima okha, kutentha kutaima malo amodzi. Lachitatu m'mawa mazira analowa. Pakhoma panali timizere khumi ndi tiwiri.

Masabata atatu otsatira ndinkafika kusukulu mochedwa n'kuweruka mofulumira. Tsiku loyembekezeka, mayi a Lusungu anandiitana ndikusamba, ndipo ndinatuluka thovu lili m'makutu. Dzira limodzi linali litaboka, kamlomo kakusuzumira. Pofika mawa lake m'bokosi munali phokoso lokhalokha, tianapiye takuda tikupondana. Azimayi a m'mudzi anadzaza khonde. Abambo ena anabwera kudzafunsa kuti kabolodi ndinagula ku Mbeya kapena ku Mzuzu, ndipo nditawauza kuti ndi manja angawa, mmodzi anandigwira chanza ndi manja awiri. Ndinamva mayi a Lusungu akuuza anzawo kuti, "Makinawa apanga okha awiske Lusungu," ndipo za beseni sanatchule. Mtima wanga unasefukira.

Anaswa 37. Otsalawo, 23, tinawadikira masiku ena atatu, koma anangokhala duu. Mlamu anali atanena.

Alendo atapita, mayi a Lusungu anasankha tianapiye tiwiri tonenepa ta Mayi Nalungwe. Kenako anasonkhanitsa mazira osaswa aja m'beseni lachikasu, n'kundipatsa pamodzi ndi khasu.

"Anapiye ndi anga," anatero. "Awa ndi anu."

Ndinakumba dzenje kuseri kwa bafa. Ndikuwatsitsa limodzilimodzi mwaulemu, lachisanu linaphulikira m'manja, ndipo amene ananunkhizapo dzira losukusa la mwezi wathunthu akudziwa chifukwa chake malaya aja sindinawavalenso. Ndinakwirira ndikutsokomola, kwinaku ndikumva tianapiye tikulira m'nyumba, ndipo ngakhale pamenepo ndinkamwetulira ndekha.

Kodi ndinaphunzirapo kanthu? Mayi a Lusungu amati ayi. Anthu akandifunsa za makina anga, ndimawauza za 37 aja, ndi za timisewu towonda ngati ulusi. Za 23 sinditchula. Pamene ndinawakwirira panamera dzungu lobala modabwitsa, ndipo alendo akaliyamikira n'kufunsa feteleza wake, ndimangowauza kuti ndi sayansi.