Mpeni Wokhota wa Bambo

Lolemba

Abusa analengeza dzulo: Lamulungu likubwerali tikumbukira akhristu oyamba a mpingo wathu kuno ku Zingalume. Banja lililonse libweretse chinthu cha kholo lake, wina aimirire afotokoze. Anthu akudandaula kuti alibe kanthu. Ine ndikungomwetulira. Zaka zonsezi mkazi wanga aNaBanda akhala akundinena kuti ndadzaza nyumba ndi dzimbiri. Tsiku langa lafika!

Ndapeza thabwa lalitali. Ndikhomapo zitsulo zanga, chilichonse ndi kapepala kake:

khasu lachikale, losula pamanja
nkhwangwa ziwiri
nsompho yopanda mpini
zenga la zilembo za Chipwitikizi, ndinagula kwa othawa nkhondo ku Mozambique
chikwanje
nsonga ya mkondo (wa Angoni, sindikukayika)

Pakati penipeni pakhala mpeni wa malemu bambo. Anali mkulu wa mpingo ndiponso mmisiri. Mabenchi onse m'tchalitchi ndi gome lolalikirapo anapanga ndi iwo.

Mpeniwo ndi waufupi, wokhota ngati chala chokodola munthu. Mpini wakuda bii. M'ming'alu muli utoto wofiira. Chilembo cha fakitale palibe. Ndinaupeza pansi pa bokosi lawo, wokulungidwa m'nsanza. Vuto ndi limodzi: sindidziwa ntchito yake. Mphunzitsi wathunthu sangaimirire pamaso pa mpingo n'kunena za bambo ake kuti "kaya".

Lachiwiri

Palafini kusitolo kulibe, sopo kulibe. Ndikutsuka dzimbiri ndi mandimu ndi phulusa. Khasu lawala mbee! Kulakwitsa kwake n'kumeneko.

ANaBanda: "Mtedza ukudikira kumunda, inu mukupachika khasu pathabwa ngati chithunzi?"

Khasu lapita. Madzulo mnansi wathu a Tembo abwereka nkhwangwa, akuti abweza mawa. Mawa la a Tembo ndimalidziwa bwino.

Ndikuyesa mpeni wa bambo:

kusenda chinangwa: ayi, ukudya chinangwa chenichenicho
kupala mkati mwa chikho: pang'ono
kusema chipande: bwino kwambiri, koma bambo sindinawaonepo akusema zipande
kudula chala changa: bwino koposa!

Chala chamangidwa nsanza. Choko ndikugwira ngati mwana wa giredi wani.

Lachitatu

Nditaweruka kusukulu, pa njinga mpaka ku Zemba, kwa a Mbewe osula zitsulo. Ndi nkhalamba, kutchalitchi sapondako, amaimba ng'oma ku gule. Koma chitsulo amachidziwa pongochigogoda.

Nkhwangwa yotsala: "Iyi ndi sipuling'i ya lole. Ndinasula ndine."

Nsompho: yakale ndithu, iwo akuvomereza. Mtima pansi.

Mkondo wa Angoni: akuseka mpaka kutsokomola. Akuti ndi nsonga ya mpanda wa kunyumba ya mzungu ku boma. Zaka zinayi ndakhala ndikuonetsa ana asukulu mpanda!

Kenaka ndikumasula nsanza ija. Kuseka kwatha. Akuuzunguliza, akununkhiza mpini, akukanda utoto ndi chikhadabo. Akundibwezera ndi manja awiri, iwo amene amaponyera makasitomala makasu pansi.

"Aphunzitsi, inu munakulira kumishoni, eti?"

Ndikuti inde.

"Ndiye ndi mpeni basi."

Ndafunsa katatu. Akungopopa mvukuto ngati sindilipo. Njira yonse yobwerera ndikudzifunsa: mpeni wamba munthu n'kuupereka ndi manja awiri?

Lachinayi

Lero amayi a mpingo amakumana kutchalitchi. Ndinapempha aNaBanda asatchule za mpeni. Pofika masana mudzi wonse ukudziwa, ndi za mpanda zomwe.

Maganizo amene afika pakhomo pano:

ndi wochotsera matekenya (akutero a Tembo, nkhwangwa sanabweretse)
ndi wofulira mbuzi
ndi wa dokotala wa kumishoni
ndi wopalira chikopa cha ng'oma

Chodabwitsa ndi ichi. Abwera akuluakulu atatu amene sanalowepo m'nyumba muno, onse a kutsidya kwa dambo, osapemphera. Akupempha kuuona. Palibe waugwira. Mmodzi wavula chipewa. Pochoka asiya nkhuku yoyera, akuti ndi moni chabe. Moni wa nkhuku, kwa ine amene ndinakwapula mdzukulu wake sabata yatha?

ANaBanda atenga zenga, akuti udzu wa denga sudzimweta wokha. Ndazindikira chinthu: masiku ano a kusowa chitsulo sichikalamba. Ukangochotsa dzimbiri chapeza ntchito.

Lachisanu

Watsala munthu mmodzi wodziwa bambo kuyambira ubwana: azakhali, mlongo wawo, ku Pembamoyo.

Pamlatho, anyamata a chipani. Khadi la chipani ndili nalo, ndatulutsa msanga. Koma aona chikwanje pa kaliya ya njinga. Akuti kukubwera wamkulu wochokera ku boma, msewu ulambulidwe, nzika yabwino ithandize. Chikwanje chalowa ntchito ya dziko. Mwayi mpeni unali m'thumba la malaya.

Azakhali akutongola chimanga pakhonde. Auona mpeniwo, akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Ife akazi sitidziwa kanthu, mwana wanga. Zilombo za gule zimachokera kumanda, aliyense amadziwa zimenezo."

Ndikuti sindinafunse za gule.

"Inde sunafunse. Ine ndikungoti chichokereni bambo ako, zilombo zikubwera ndi nkhope zoipa. Mphuno kwina, maso kwina. Kale zinkakongola, iwe!"

Ndakhala pansi pa dothi. Utoto wofiira uja. Maulendo a bambo okafuna mitengo ya mabenchi, masiku atatu kutchire, n'kubwera opanda thabwa. Ndi mpeni wosemera nkhope za nyau! Mkulu wa mpingo! Bambo amene anandithyolera nthyole pamsana ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi chifukwa ndinasuzumira gule ndili pampanda!

Ndapsa mtima mpaka pamlatho paja. Kuchokera pamenepo ndikukumbukira nkhope imene ndinaona tsiku la nthyolelo: yofiira, masaya osalala, ikumwetulira ngati ikudziwa kanthu. Sindinaonenso chinthu chosemedwa bwino chotero. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma ndikunyada.

Loweruka

Pathabwa patsala: nsompho, nkhwangwa ya lole, mpanda wa mzungu. Sabata yathunthu ya maloto!

Timapepala ta mpeni, tonse tang'ambidwa:

"Mpeni wosemera zipande." Bodza, m'tchalitchi.
"Mpeni wa mmisiri." Akulu a kutsidya adzamva, adzandiseka.
Zoona zake. Dzina la bambo lichotsedwa pa mndandanda wa okumbukiridwa mawa, ndipo kutsidya akwiya kuti ndaulula za eni ake.

Masana ndapita kutchalitchi kukayeza pokhazika thabwa. Mulibe munthu. Kutsogolo kwa gome kuli mtanda ndi masamba amene bambo anasema. Ndauyang'ana Lamulungu lililonse moyo wanga wonse. Lero ndaika mpeni m'mizere ya masambawo. Ukulowa ndendende! Mzere uliwonse, ngakhale pamene pali kachibenthu ka kumpeni pakuoneka pamtengo.

Ndiye a Mbewe sananame. Ndi mpeni basi. Unkagwira kuno, unkagwira uko.

ANaBanda, nditawauza: "Ndiye mwadziwa tsopano? Amayi anu anandiuza chaka chimene ndinakwatiwa." Aliyense m'dziko muno ankadziwa, kupatula mwana wawo wophunzira!

Nkhuku yoyera ija tadya. Kubweza sikukanatheka, inali itazolowera kale mphika m'maso mwa aNaBanda.

Lamulungu

Thabwa latsala kunyumba. Mpeni m'thumba.

Anthu abweretsa Baibulo lodyedwa ndi chiswe, belu la njinga, chikho cha tiyi. A Tembo abweretsa nkhwangwa yanga, akuti inali ya agogo awo!

Abusa atchula dzina la bambo. Ndaimirira. Ndati: "Cha bambo anga mwachikhalira, china abusa atsamirapo." Anthu aseka, ena ayang'ana pansi pa mabenchi, amayi alulutira. Ndakhala pansi. Sindinaname, sindinaulule. Phunziro lalifupi kuposa onse amene ndinaphunzitsapo.

Potuluka, a Mbewe ali patsinde pa mtengo kunja kwa mpanda, chipewa m'manja. Ayenda wapansi kuchokera ku Zemba. Sanapemphe kanthu. Ndawapatsa mpeniwo ndi manja awiri. Pathabwa ukanangochita dzimbiri.

"Tikakolola mudzabwere, aphunzitsi. Mudzaone ngati mphuno zawongoka."

Ndati ine ndine wa mpingo.

"Bambo anunso anali."

Kunyumba ndapeza thabwa lakhala kale chitseko cha khola la mbuzi. Nsompho aNaBanda aika mpini, nkhwangwa ya lole apita nayo kunkhuni. Zaka zonse zotolera zitsulo, chimene ndatsala nacho ndi mpanda wa mzungu ndi kansanza kofiira kamene bambo ankakulungira mpeni. Kansanzako ndakabwezera pansi pa bokosi, popanda kapepala.