Anti a M'sitima

Amwali, zimene ndinalota usiku wathawu munthu atazimva angati ndayamba chamba. Iwe Fanesi, luka bwino tsitsilo, usandikoke, nkhaniyi ndi yaitali.

Mukudziwa kuti tchuthi changa chikutha, Loweruka ndikubwerera kusitima ija yonyamula azungu okacheza panyanja yamchere. Mukudziwanso kuti Mwatitha, mwana wanga wobala ndekha, akunditchabe "Anti a m'sitima." Amayi ake akuti ndi achemwali anga, a Loveness, amene akumulera. Ndamugulira nsapato zothwanima akamaponda, ndamugulira chidole chotseka maso, koma iye yemweyo, "Zikomo anti." Zimandiwawa, osanama. Ndikungofuna anditchule amayi ngakhale kamodzi ndisanakwere basi.

Ndiye m'malotomo ndinapezeka ndili m'sitima muja, koma ikuyenda pamsewu wa ku Chilomoni kuno, ikuima paliponse ngati minibasi, kondakitala akukuwa, "Mmodzi wa ku Italy, mmodzi!" Ine ndili pamalo anga, pamwamba kumbuyo kwa holo ya zisudzo, nditavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Limenelo ndi lamulo loyamba limene anatiphunzitsa: wa magetsi asaoneke. Umagwira chigetsi chachikulu ngati mtondo n'kumalondola nacho woimba kulikonse kumene wapita. Ndipo suyatsa, susuntha, sutsokomola, mpaka bwana wa siteji atanena m'mahedifoni kuti, "Konzeka… yatsa!"

Mwadzidzidzi chigetsicho chinatembenuka n'kundiyang'ana.

"Sigele, wandipukuta lero?"

"Ndakupukuta."

"Bodza. Komanso manja ako akununkha utaka. Kunyumba kwakukoma eti?"

Ndisanachiyankhe, anatulukira bwana wa siteji, a Fernando, amene amatiphunzitsa ntchitoyi. Koma anali nkhanga. Nkhanga yeniyeni yamawangamawanga, magalasi okha ndiwo anali awo aja. Akuti, "Lero ndi mayeso. Ukalakwitsa ukatsuka mbale kukhitchini mpaka udzamere imvi."

Ndiye sutikesi yanga inadutsa ikuyenda yokha, ikung'ung'udza. Ikuti, "Ine ndatopa. Lero kulongedza, mawa kukhuthula, munthu osakhazikika. Ndikukakwatiwa ndi chikwama cha kaputeni." Ndinayamba kuithamangitsa, n'kukagunda tebulo la mkulu woona mapasipoti. Mkuluyo ndikumuyang'ana chonchi, anasanduka bilimankhwe, diso lina kwa ine, lina kusutikesi.

"Mayi, mukubwera kapena mukupita?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Ifenso sitikudziwa," anatero, n'kundidinda chidindo pamphumi, pha!

Chidindocho chinandibwezera kuchigetsi kuja. Koma tsopano holo inali pabwalo pa achemwali, katani ndi chitenje chawo choyanika pachingwe, azungu atakhala pazidebe akudya zitumbuwa ndi mafoloko. Magetsi onse anazima, mdima bii! Pasiteji panalowa woimba wamkulu wa tsikulo. Sindinamuone nkhope, ndinangoona nsapato zikuthwanima. Anali Mwatitha.

Nkhanga ija inati m'makutu mwanga, "Konzeka…"

Ndinaika chala pa switchi. Basi pomwepo panatuluka ngumbi, a Fernando anaiwala ntchito, anayamba kujompha ngumbi uku akuthamangathamanga. "Yatsa" osamveka. Mwana uja anayamba kulira mumdimamo, "Amayi! Amayi!" Ine, amwali, ndinangoima njo, chala pa switchi, kudikira.

Chigetsi chinati, "Mwanatu akulira."

"Sananene kuti yatsa."

"Iwe Sigele ndiwe wogona. Kunyumbanso umatero. Umaima pakhomo ndi zovala zako zakudazo, kumuyang'ana mwana akusewera, kudikira kuti wina akunong'oneze kuti munyamule. Akunong'oneze ndani? Nkhangayo?"

Zinandilasa. Ndinayatsa, nga! Kuwala konse kunamugwera mwanayo, diresi lake kuoneka mpaka ulusi. Ndinamulondola bwinobwino ngati m'mene anatiphunzitsira, mutu osaudula, mapazi osawasiya kunja. Koma iye anaphimba maso ndi kadzanja.

"Ndani uko?"

"Ndine amayi ako!"

"Sindikukuonani. Ndikungoona kuwala."

Ndipo n'zoona, amwali. Munthu amene wam'walitsa sangakuone iwe uli kumbuyo kwa getsi. Oimba a m'sitima muja ndawawalitsa miyezi yonseyi, koma tikakumana kokadya sandidziwa n'komwe.

Ndiye ndinaitana sutikesi ija. Inabwera itavala velo. Ndinati, "Ukwati udikire, gwira ichi." Inadandaula koma inagwira. Ndinavula mahedifoni n'kuwaponya m'chidebe cha mzungu wina, ndinatsika makwerero amene anali a nzimbe, n'kulowa m'kuwala muja ine mwini.

Eee, chipwirikiti! Nkhanga kukuwa ngumbi zili kukamwa, "Wa magetsi waoneka! Walephera! Kukhitchini!" Kaputeni, amene tsopano anali bakha wovala chipewa choyera, ankangoliza wezulo. Bilimankhwe akundithamangitsa ndi chidindo, koma mukudziwa mayendedwe ake, mpaka pano sanafike. Azungu anaganiza kuti ndi mbali ya sewero, anayamba kuomba m'manja ndi zitumbuwa zomwe.

Ine osalabada. Ndinagwada pamaso pa mwana wanga. Anachotsa kadzanja kumaso, n'kundiyang'ana, n'kundigwira tsaya. Anatsegula pakamwa. Holo yonse zii, ngakhale sutikesi inasiya kung'ung'udza.

"A… a…"

Go! Go! Go!

Ndinadzidzimuka. Chitseko cha kuchipinda, wina akuchimenya ndi supuni. Kunja kwacha kale, achemwali akusesa. Kamawu kanati, "Anti, akuti tiyi akuzizira."

Ndinamva ngati ndilire. Koma sindinadikire munthu kundiuza kanthu. Ndinatsegula chitseko, ndinatenga chitenje, n'kumuponya kumsana mwana wamkulu ngati uja, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwanga. Anakuwa kuti, "Amayi, bwerani, anti apenga!" Achemwali anangoseka n'kupitiriza kusesa.

Kutchula sananditchule ayi. Koma nditati ndimutsitse anandigwira khosi n'kukana, ndipo tiyi uja tinamwa atazizira, iye ali kumsana komweko.