Tsiku Limene Ndinapemerera Kompyuta ya Apongozi

Pali nkhani imene mkazi wanga Tiwonge amakonda kuuza alendo, ndipo amaithira mchere mpaka ine kusowa poyang'ana. Ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi angawa ndiwasenze mwini wake.

Nthawi imeneyo ndinali nditangotumizidwa kumene ku Mzuzu, kalaliki wamba wa m'boma, mwana wobadwira ndi kukulira m'kutentha kwa ku Salima. Poti ndinkatha kutulutsa pepala likakanirira mu printa, anzanga ku ofesi anayamba kunditchula "a IT". Dzinalo ndinalilandira ndi manja awiri. Tiwonge, yemwe anali chibwenzi changa, analinyamula n'kukalitula kwa makolo ake.

Bambo ake, a Mkandawire, anali ndi kashopu kotaipa makalata ndi kupanga fotokope ku Chibanja. Munthu wosalankhulalankhula. Za ine anali atamva, koma anali asananene kuti inde kapena ayi, ndipo akwathu amayembekezera mawu awo kuti ayambe ulendo wodzafunsira.

Loweruka lina mu Juni, Tiwonge anandiimbira foni.

"Adada akuti ubwere uone kompyuta yatsopano imene achimwene atumiza kuchokera ku Joni. Mwayi wako ndi umenewu, usandichititse manyazi!"

Ndinavala shati yoyera, jekete n'kulisiya dala kuti ndioneke smart. Kunja kunali mvula yamawawa, mphepo yolowa mpaka m'mafupa.

"Monire," anatero a Mkandawire. "Makina awa akugwira ntchito, koma ali chete chomene. Akale aja amalira ngati chigayo. Awa ali bwino nadi?"

"Musadandaule bambo, tiona pompano."

Ndinatulutsa fulashi yanga monyadira, n'kuika pulogalamu yoonetsa kutentha kwa kompyuta ndi liwiro la fani ya mkati. Manambala anabwera pa sikirini. Kutentha kunali kotsika bwinobwino, koma pa fani panalembedwa 0 RPM. Ziro! Kutanthauza kuti fani sikuzungulira n'komwe.

"Apa pali vuto," ndinatero ndi mawu a dokotala. "Motherboard, bolodi lalikulu la m'katimu, ili ndi sensa imene imawerenga fani, koma driver yake, kapulogalamu koyendetsa sensayo, ndi yolakwika. Kompyuta sikumva zimene sensa ikunena."

A Mkandawire anangogwedeza mutu. Tiwonge anamwetulira pakona, ndipo ine mtima unakhala m'malo.

Ndinatsitsa driver ina pa intaneti. Restart. Ziro. Ndinatsitsa inanso, ya motherboard yongofanana dzina. Restart. Ziro yemweyo, akundiyang'ana. Ndinachotsa pulogalamu ija n'kuika ina, nayonso inagwirizana ndi inzake.

Kenako ndinapempha screwdriver n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali. Abale, sensa sinkanama! Fani inali itaima njii. Nditaikankha ndi chala, inazungulira pang'ono n'kuimanso.

Tsopano mumvetse. Kwathu ku Salima fani ikaima, pali zinthu ziwiri basi: magetsi athima kapena yafa. Palibe fani imene imaima mwa kufuna kwake. Ndiye mantha anandigwira zenizeni, poganiza kuti kompyuta ya eni ake ipsera m'manja mwanga, ukwati wanga n'kupsera limodzi.

"Tsegulani chitseko! Mawindo onse!" ndinakuwa. "Fani yafa, processor ipsa! Muli ndi fani yaikulu?"

Tiwonge anathamangira kunyumba kuseri n'kubwera ndi fani yoimika, yafumbi lokhalokha chifukwa inali isanagwire ntchito chichokereni Okutobala. Khosi lake linali lothyoka, imangoweramira pansi. Pamafunika munthu woigwirira.

Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinati: "Bambo, tagwirani apa. Muloze m'katimu."

Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anaima ndi fani m'manja akupemerera kompyuta mu Juni wa ku Mzuzu. Mapepala anauluka shopu yonse. Mayi wina amene anabwera kudzapanga fotokope anasuzumira pakhomo, n'kubwerera. Ine mano ali gwedegwede mu shati yanga yoyera ija, koma ndikuloza pa sikirini.

"Mwaona? Kutentha kukutsika! Tikuipulumutsa!"

"Nanga fani yake?" anafunsa a Mkandawire, mphuno ikuchucha.

"Ikadali pa ziro, bambo. Pemererani ndithu."

Ndinali pa driver ina yatsopano pamene amayi a Tiwonge analowa atanyamula mbaula ya makala. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana ine.

"Yayi, ŵana imwe, mukufuna mundiphere munthu?"

Anathimitsa fani yaikulu ija, anatseka chitseko ndi mawindo, mbaula n'kuiika pansi pa tebulo, pafupi penipeni ndi kompyuta yotsegula ija.

"Amayi, chonde, moto pamenepo ayi! Makinawa..."

"Makina ali na chifuwa? Adada ŵa Tiwonge aŵa ndiwo ali nacho."

Apongozi sutsutsana nawo, makamaka pamene sanakhale n'komwe apongozi ako. Ndinangoyang'ana manambala a kutentha akukwera pang'onopang'ono, ine n'kumapemphera chamumtima.

Mwadzidzidzi tinamva kaphokoso. Fyuuu! Fani ya mkati ija inayamba kuzungulira, ziro uja n'kusanduka manambala ambirimbiri.

Ndinadumpha. "Driver yagwira! Ndinanena ine! Inali nkhani ya driver basi!"

Tiwonge anaomba m'manja. Ine chifuwa chinatukuka, kuzizira konse kunatha.

A Mkandawire anakoka mbaula ija n'kuipititsa kukhomo, natsegulanso chitseko. Tinadikira. Fani inayamba kufooka, kenako njii. Ziro.

Anabweza mbaula, natseka chitseko. Tinadikiranso. Fyuuu!

Anachitanso kachiwiri, modekha, ngati mphunzitsi wa sayansi. Mbaula kutali, fani njii. Mbaula pafupi, fyuuu! Tiwonge anali atatsamira fotokope, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Ndinalowa mu BIOS, muja mumakhala malamulo a motherboard, momwe ndikanayenera kuyambira. Zinalembedwa poyera: kompyuta ikazizira, fani izipuma, ikatentha, izizungulira. Inapangidwa choncho. Sensa inali bwino, driver yoyamba ija inali bwino, ndipo ine m'mawa wonse ndinakhala ndikuiziziritsa kuti isadzuke.

"Bambo," ndinatero ndi mawu a mwana wa sukulu, "zikuoneka kuti... sinafe. Imangoima kukazizira."

A Mkandawire anamina, napinda kampango kawo bwinobwino, nakhala pansi n'kuyamba kuotha moto. Ndinadziwa kuti zanga zada, ndizikauza akwathu kuti asavutike ndi ulendo.

"A mkweni," anatero. Kanali koyamba kunditchula mkamwini, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. "Yewo chomene, mwagwira ntchito. Khalani apa muothe. Koma muno tonse, fani iyi yokha ndiyo yadziwa kuti kuno n'ku Mzuzu."

Wa ku Salima mnzanga, usanapemerere chinthu, yamba wachifunsa ngati chikumva kutentha.